Mawu a Poperekeza Mlendo: Pamene Andale Akana Zimene Atolankhani Adamva

Aliyense amene adakulira m'midzi yozungulira Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, kapena kwina kulikonse kumene mwambo wa makolo sudazilale, adziwa kuti mlendo akafika pakhomo ndi nkhani yolemera, kawirikawiri nkhaniyo siitulukira pamphasa pamene ana ali piringupiringu ndipo amayi akubweretsa madzi osamba m'manja, koma imadikira kufikira mlendoyo atatsazika, mwini khomo atamunyamulira kathumba kake, ndipo awiriwo atayenda kamtunda ndithu mpaka pamphambano pamene madenga a nyumba saonekanso. Pamenepo ndi pamene munthu amatsitsa mawu nanena za ngongole imene yamusowetsa tulo, za mkamwini amene sagwira khasu, za malire a munda amene mbale wake wadyerera. Ndipo onse awiri amadziwa, popanda wina kulumbiritsa mnzake, kuti zonenedwa poperekeza n'zoona kuposa zonenedwa pamphasa, komanso kuti si zokafika nazo pabwalo.

Mwambo wokomawu, umene wabisa manyazi a mabanja ambiri, ndiwo umasanduka msampha munthu akalowa ndale. Nduna ya boma kapena phungu wa Nyumba ya Malamulo akabwera kudzayendera malo a boma oswetsera ziweto pa Mikolongwe, kumene nkhuku zakuda zija zidatengera dzina, kapena kudzapereka masatifiketi kwa achinyamata amene atsiriza maphunziro pasukulu ya ntchito zamanja ya DAPP, zimene amalankhula pansanja zimakhala zolembedwa kale ndi alembi a ku likulu, zosalala ndi zopanda fupa, kotero kuti atolankhani ochokera ku Blantyre amangozimvetsera mwaulemu, mitima yawo ili pa kamphindi kena kamene kali m'tsogolo. Kamphindiko kamafika magule atatha, mafunso a pamaso pa kamera atayankhidwa, pamene bwanayo, atapukuta thukuta, akuyenda pang'onopang'ono kupita ku galimoto yake atolankhani awiri kapena atatu ali pambali pake. Pakuti pamenepo, poyesa kuti ntchito yatha ndipo kwatsala macheza, amakhuthula za kumtima kwake: zakuti mnzake wa m'chipani ndi mbava, zakuti ndalama za chitukuko chimene wangolonjeza kumene kulibe n'komwe. M'mawa mwake mawu aja ali patsamba loyamba la nyuzipepala, ndipo dzuwa lisanapendeke ofesi ya bwanayo yatulutsa kale chikalata chonena kuti atolankhani amunamizira, apotoza mawu ake, kapena kuti zijazi zidali zocheza chabe.

Mkangano wa mtundu umenewu dziko lathu lidauona poyera m'mwezi wa Malichi 2005, ndipo udakhudza munthu amene anthu a kuno sangamuyese mlendo, pakuti kwawo kwa a Bingu wa Mutharika kudali ku Thyolo, boma lochita malire ndi Chiradzulu, ndipo munda wawo wa Ndata, kumene adaikidwa m'manda mu Epulo 2012 ndi kumene lero kuli sukulu ya ukachenjede ya MUST, suli patali ndi Mikolongwe. Nkhani yonse idayambira pa nyumba. A Kamuzu Banda adamangitsa ku Lilongwe nyumba ya boma ya zipinda 300, imene idadya zaka zambiri zomanga ndi ndalama zokwana madola a ku America pafupifupi 100 miliyoni, koma eni akewo adangogonamo masiku ngati 90; a Bakili Muluzi atalowa m'boma mu 1994 adakana kukhalamo, nati n'chamanyazi kuti mtsogoleri wa anthu osauka adzikundikire ulemerero wotere, ndipo nyumbayo idasanduka malo okumanira aphungu. A Mutharika atapambana chisankho cha Meyi 2004 adatulutsamo aphunguwo, nanena kuti nyumbayo idamangidwira mtsogoleri wa dziko, ndipo chakumapeto kwa chaka chomwecho adalowamo iwo eni.

Idali nyengo ya kukayikirana. Mu Febuluwale 2005 a Mutharika adatuluka m'chipani cha UDF chimene chidawaika pampando, nayambitsa chipani chawochawo cha DPP, ndipo udani wawo ndi a Muluzi udafika poti aliyense wa m'nyumba ya boma ankayang'ana mnzake ndi diso la kumbali, makamaka popeza wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Cassim Chilumpha, adatsalira ku UDF. M'masiku amenewo ndi m'mene atolankhani awiri odziwika, a Raphael Tenthani amene ankatumiza nkhani ku wayilesi ya BBC, ndi a Mabvuto Banda a nyuzipepala ya The Nation, adalemba kuti mtsogoleri wa dziko wasiya kugona m'nyumba yaikulu ija chifukwa cha mizukwa. Sadalembe za m'mutu mwawo. Adatchula dzina la amene adati adawauza, Mbusa Malani Mtonga, mlangizi wa pulezidenti pa nkhani za chipembedzo, amene, malinga ndi zolembedwazo, adanena kuti abusa a mipingo ingapo apemphedwa kudzapemphera kuti mizimu yoipa ichoke m'nyumbamo. Nkhani zina zidaonjezapo mawu a wothandiza wina wa m'nyumba ya boma, amene sadafune kutchulidwa dzina, onena kuti usiku a pulezidenti ankamva phokoso lachilendo ndi zinthu zonga makoswe zikuwakwawa pathupi, koma akayatsa magetsi osaona kanthu.

Nkhani yotere ili ndi miyendo yaitali. Masiku awiri asanathe idali itafika m'manyuzipepala a ku Ulaya, ku America ndi ku Asia, kumene anthu amene sadamvepo dzina la Malawi adaidya ndi mchere womwe. A Mutharika, pobwerera kuchokera kuulendo wa kunja, adauza atolankhani mokwiya kuti sadakumanepo ndi mzukwa uliwonse ndipo chibadwire sadaopepo mizukwa. Mbusa Mtonga nawonso adakana kuti mawu amene adalembedwa m'dzina lawo sadatuluke m'kamwa mwawo. Tsono pa 15 Malichi, m'bandakucha, apolisi adagogoda pamakomo a atolankhani awiri aja ku Blantyre, nawatengera ku likulu la apolisi ku Lilongwe. Adagwiranso a Horace Nyaka, amene ankagwira ntchito muofesi ya a Chilumpha, powaganizira kuti nkhani yonseyo adachita kuiluka pamodzi ndi anzawowo. Mlandu wake udali wofalitsa nkhani yabodza yokhoza kudzetsa mantha pakati pa anthu. Atolankhaniwo adatuluka pa belo tsiku lotsatira, ndipo mlanduwo udangozilala m'kupita kwa nthawi.

Tiyeni tiime pang'ono pamenepa, pakuti pali chinthu chimene phokoso la masiku aja lidakwirira. Mkangano weniweni sudali pakati pa a pulezidenti ndi atolankhani ayi. Udali pakati pa mbusa ndi atolankhani, popeza mbali imodzi idati "mudanena," ina niti "sindidanene," ndipo zonse ziwiri sizikadakhala zoona. Mlandu wotere ukadafika kwa nyakwawa ya m'mudzi uliwonse wa kwa Likoswe kapena kwa Kadewere, sukadatenga tsiku lathunthu: onse akadakhazikidwa pabwalo maso ndi maso, akadafunsidwa kuti mudakumana kuti, padali yani, ndipo kodi pali chimene chidajambula mawu, pakuti ngakhale chilamulo cha Mose chidaika kuti mlandu usakhazikike pakamwa pa mboni imodzi. Boma silidafune njira imeneyo. Lidasankha chitokosi, ndipo potero lidachita zinthu ziwiri zimene silidafune: lidapangitsa anthu ambiri kukhulupirira kuti pali kanthu kobisika, popeza munthu satumiza apolisi usiku kukagwira bodza lamkunkhuniza, ndiponso lidapatsa nkhaniyo moyo wachiwiri, pakuti manyuzipepala akunja amene akadaiiwala pakutha pa sabata adailembanso, tsopano ndi mutu wakuti Malawi akumanga atolankhani. Akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya; mtsogoleri akadangoseka nadutsa, lero ochepa akadakumbukira.

Komatu nawo atolankhaniwo sitiwasambitsa kotheratu. M'dziko limene mizukwa ndi ufiti si nthano za ana, kunena kuti mtsogoleri wathawa m'nyumba usiku n'kunena zambiri: kuti ndi wamantha, kapena kuti chilipo chimene chikumutsata, ndipo zochitika m'chipinda chogona cha munthu, zonenedwa ndi mboni yopanda dzina pa nyengo imene adani ake andale adali m'nyumba mwake momwe, zidafunika kupetedwa kawiri. Chimene chimawaombola n'chakuti nyumbayo sidali ya banja la a Mutharika, idali ya mtundu wonse, yomangidwa ndi thukuta la olima fodya ndi othyola tiyi, ndipo aphungu adali atangochotsedwamo kumene. Ngati mwini mpando sankagonamo, anthu adali nawo ufulu wofunsa chifukwa chake. A Tenthani adapitiriza kubaya akuluakulu a maboma otsatizana ndi cholembera chawo m'danga lawo la Muckraking kufikira pamene adamwalira pa ngozi ya galimoto mu Meyi 2015.

Kukana kwa andale sikukhala kwa mtundu umodzi, ndipo wowerenga wochenjera ayenera kumvetsetsa kuti munthuyo akukana chiyani kwenikweni. Pali amene amakana ngati a Mtonga, kuti mawuwo sadawanene n'komwe. Pamenepo nkhani ndi ya umboni basi, tepi ilipo kapena palibe. Koma ambiri, mukawamvetsera bwino, sakana mawu, amakana chilolezo: ndidanenadi, koma sindidanenere kuti mulembe. Apa ndi pamene mwambo wa poperekeza umawombana ndi mwambo wa ntchito ya utolankhani, umene pa dziko lonse umati munthu akadziwa kuti akulankhula ndi mtolankhani, chilichonse chimene anena n'chololedwa kulemba, pokhapokha awiriwo atagwirizana mawuwo asanatuluke kuti izi n'zapakati pathu. Nkhanga zidapangana kusanache. Pangano lobwera pambuyo pa mawu si pangano, ndi pempho, ndipo mtolankhani angalimvere kapena ayi. Mayi Samantha Power, amene pambuyo pake adadzatsogolera bungwe la USAID limene Amalawi ambiri alidziwa, adaphunzira zimenezi mowawa mu Malichi 2008, pamene adali mlangizi wa a Barack Obama: polankhula ndi mtolankhani wa nyuzipepala ya The Scotsman adatchula a Hillary Clinton kuti chilombo, nafulumira kuonjeza kuti mawu amenewo asalembedwe, koma mawuwo adali atatuluka kale, nyuzipepala idawasindikiza, ndipo mayiwo adatula pansi udindo wawo.

Azungu nawo, amene timawayesa akatswiri a zinthu zimenezi, amagwa m'mbuna yomweyi. Mu Julayi 1993 nduna yaikulu ya dziko la Britain, a John Major, atatsiriza kuyankha mafunso a Michael Brunson wa kanema ya ITN, adatsalira pampando akucheza naye, osadziwa kuti zojambulira mawu zidakali zoyatsa, natchula nduna zawo zitatu, zimene zinkalimbana nawo pa nkhani ya mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, kuti ana apathengo. Mawuwo adatuluka m'manyuzipepala ndipo adawatsata mpaka kutha kwa ulamuliro wawo. Koma chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha a Jimmy Carter, mphunzitsi wa Sande sukulu wa mpingo wa Baptist, amene mu 1976, akupikisana nawo pa mpando wa pulezidenti wa America, adalola kufunsidwa ndi magazini ya Playboy. Mafunso adatha, alendo adanyamuka, ndipo ali pakhomo penipeni pa nyumba yawo ku Plains, m'chigawo cha Georgia, funso lomaliza lidaponyedwa lokhudza chikhulupiriro chawo. Iwo, pofuna kuonetsa kuti sadziyesa olungama koposa anzawo, adakumbukira chiphunzitso cha paphiri chija cha m'buku la Mateyu, navomera kuti adayang'anapo akazi ambiri mowakhumba, ndipo kuti mumtima adachita chigololo kambirimbiri. Mkhristu aliyense wa ku Mbombwe kapena ku Nguludi akadamva kuti uku n'kudzichepetsa kwa wochimwa pamaso pa Mulungu. Manyuzipepala adangotolapo chigololocho, nasiya ulaliki wonse umene udachizungulira. A Carter adapambanabe chisankhocho, koma movutikira, ndipo madandaulo a mtundu wawo ndiwo ali ndi chilungamo chochuluka kuposa ena onse: mawu adali awo, chilolezo chidalipo, koma chimene chidafika kwa anthu chidali chiduswa.

Kwathu kuno kudula mawu kotere kuli ndi khomo lina lolowera, limene maiko a chilankhulo chimodzi salidziwa. Wandale wa ku Malawi akaima pansanja ya boma amawerenga Chingerezi, koma akamasuka amabwerera ku Chichewa, ku Chiyao kapena ku Chilomwe cha kwawo, ndipo m'menemo amalankhula mokuluwika, mwa nthabwala, mwa chipongwe cha pachisuweni chimene womva amadziwa kuti sichiluma. Mtolankhani wa The Nation kapena The Daily Times ayenera kutenga zonsezo n'kuziika m'Chingerezi dzuwa lisanalowe, ndipo panjira kuseka kumatsala, kutsinzinira kwa diso kumatsala, chimene chimafika papepala ndi mawu ouma amene mwini wake akawawerenga amalumbira ndi mtima woona kuti si ake. Onjezanipo chinthu chimene owerenga ambiri sachidziwa, chakuti mutu wa nkhani salemba ndi mtolankhani amene adali pamalopo, koma mkonzi amene watsala muofesi, amene ali ndi kadanga ka mawu asanu kapena asanu ndi limodzi ndi chikhumbo choti pepala ligulidwe. Ndipo muona kuti nthawi zambiri wandale akamakalipira mnyamata amene adacheza naye, wolakwa weniweni sadafikeko n'komwe ku msonkhanowo.

Pali chifukwa chinanso, chimene atolankhani eni ake sakonda kuchitchula pagulu. Malipiro a ambiri mwa iwo ndi ochepa, ndipo nyumba zambiri zofalitsa nkhani zilibe galimoto zokwanira zotumiza anthu kumidzi. Chotero mtolankhani wopita ku mwambo wa ku Chiradzulu kawirikawiri amakwera galimoto ya okonza mwambowo, amadya nsima yawo, ndipo pobwerera amalandira kaenvelopu kamene m'ntchitoyi amakatcha chipondamthengo. Munthu amene wakunyamula, wakudyetsa, nakupatsa ya sopo, n'zosadabwitsa akayamba kukuona ngati mnyamata wake, amene angalankhule pamaso pake monga alankhulira pamaso pa dalaivala wake. Ndipo tsiku limene mnyamatayo akumbukira kuti mabwana ake enieni ndi owerenga, bwanayo amamva ngati waperekedwa ndi wodya naye m'mbale imodzi. Mkwiyo wake ndi woona, koma maziko ake ndi olakwa, pakuti chimene adayesa ubwenzi chidali ngongole imene sidayenera kukhalapo chiyambire. Ine ndiyesa kuti mikangano yambiri ya "izi zidali zapakati pathu" ikadatha yokha atolankhani akadamayenda ndi mafuta a kuntchito kwawo.

Tisaiwale kuti mkangano woterewu, ngakhale uli wotopetsa, ndi mwana wa ufulu, ndipo agogo athu sadaudziwe. M'boma lomwe lino la Chiradzulu, Mbusa John Chilembwe, amene adakhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission pa Mbombwe mu 1900, adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 kudandaula kuti anthu akuda akukhetsa mwazi m'nkhondo imene si yawo. Iye adafunitsitsa kuti mawu ake amveke, ndi dzina lake pansi pake, koma boma la atsamunda lidaitsekereza kalatayo, ndipo mu Januwale 1915 zimene zidakanizidwa papepala zidalankhulidwa ndi mikondo. M'zaka 30 za a Kamuzu zinthu zidatembenuka mwa njira ina. Nyuzipepala za The Daily Times ndi Malawi News zidali m'manja mwa mtsogoleri mwini, wayilesi idali imodzi yokha ya MBC, ndipo padalibe nduna imene ikadadandaula kuti yalembedwa molakwa, popeza padalibe cholembedwa chimene sichidadutse m'sefa. Mawu ocheza ndiwo adali oopsa, osati chifukwa cha atolankhani koma chifukwa cha akazitape. Mawu otayidwa pamowa kapena m'basi ankatha kufikitsa munthu ku Mikuyu, kumene a Jack Mapanje adakhala kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Chenjezo lija la Mlaliki, lakuti munthu asatemberere mfumu ngakhale m'chipinda chake chogona chifukwa mbalame idzanyamula mawuwo, anthu a m'badwo umenewo sadafunikire mbusa woti awatanthauzire. Chimene chidasintha ndi Malamulo a dziko a 1994, amene gawo lake la 36 lidapatsa atolankhani ufulu wofalitsa nkhani, n'chakuti mbalame ija idayamba kuulukira mbali zonse ziwiri: kale inkanyamula mawu a anthu wamba kupita nawo kwa mfumu, tsopano imanyamulanso mawu a mfumu kubwera nawo kwa anthu wamba, ndipo ena mwa akuluakulu athu mpaka lero sadazolowere.

Mtengo wa kusazolowerako udaoneka mu Epulo 2011, pamene nyuzipepala ya Weekend Nation idasindikiza kalata yachinsinsi imene kazembe wa Britain, a Fergus Cochrane-Dyet, adalembera akuluakulu awo ku London, yonena kuti a Mutharika akunka nalamulira mwankhanza ndipo safuna kudzudzulidwa. Kazembeyo sadakane mawu ake. Boma lidamuthamangitsa, Britain idabweza pothamangitsa woimira Malawi kumeneko, ndipo mu Julayi chaka chomwecho idaimitsa thandizo lake la ku thumba la boma, pa nthawi imene mizere ya galimoto zodikira mafuta idali kale yaitali. Amene adalipira sadali kazembe kapena mkonzi.

Masiku ano funso lakuti "kodi adanenadi" layamba kuchepa mphamvu, popeza m'thumba la pafupifupi aliyense amene waimirira pafupi ndi bwana muli foni yokhoza kujambula, ndipo wojambulayo sachita kukhala mtolankhani. Mu Januwale 2022 mawu a Mayi Martha Chizuma, amene pa nthawiyo adali mkulu wa bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, ojambulidwa mobisa akucheza pafoni ndi munthu amene adamukhulupirira, adazungulira dziko lonse pa WhatsApp nyuzipepala iliyonse isanawasindikize. A Lazarus Chakwera, amene adali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, adawadzudzula poyera koma adawasiya paudindo, ndipo mu Disembala chaka chomwecho apolisi adawagwira m'bandakucha chifukwa cha mawu omwewo. Mtolankhani, angakhale ndi zofooka zake, ali ndi dzina, ali ndi mkonzi, ali ndi ofesi kumene wolakwiridwa angapite kukagogoda. Amene amatumiza kachidutswa ka mawu m'magulu a pafoni alibe chilichonse cha izi, ndipo angadule poyambira ndi pothera monga afunira. Akale adalangiza kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Wandale wanzeru wa lero amangoganiza kuti kulikonse kumene waima pali khutu, ndipo chimene sangafune kuchimva pa wayilesi amachimeza.

Nanga amene walakwiridwadi apite kuti? Njira zilipo, ndipo si zachilendo. Angalembere mkonzi kufuna kuti mbali yake isindikizidwe pamalo ooneka, ndipo nyuzipepala yodzilemekeza siikana. Angafune kuti tepi yonse imvedwe, osati chiduswa chokha, chimene ndi chida champhamvu kwambiri m'manja mwa munthu amene akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake ndimakayikira aliyense amene amafuula kuti wanamiziridwa koma osapempha tepiyo. Angakadandaule ku bungwe la Media Council of Malawi, limene lidakhazikitsidwira milandu yotere. Ndipo ngati mbiri yake yaipitsidwadi, angakasume kukhoti kuti alipidwe. Nawonso atolankhani ali ndi ngongole yawo: kunena poyera kuti chojambulira chidakali choyatsa, kusunga pangano akalipanga ngakhale nkhaniyo itakoma chotani, ndi kuimbira foni mwini mawu asanasindikize kuti amve ngati adamumva bwino, pakuti nkhani imene singapirire funso limodzi lotere sidali yokhwima.

Malamulo nawo akhala akusuntha, ngakhale mwa kayendedwe ka nkhono. Mu 2012 aphungu adachotsa mphamvu imene boma la a Mutharika lidapatsa nduna yoletsa nyuzipepala. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Mu Novembala 2022 Nyumba ya Malamulo idafafaniza milandu ya kuukira boma ndi mawu. Ndipo mu Julayi 2025 khoti lalikulu, litakhala ngati khoti lotanthauzira Malamulo a dziko, lidagamula kuti gawo 200 la malamulo a milandu, limene linkalola kumanga munthu chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake, n'losemphana ndi ufulu wolankhula. Koma dzanja limene lidagogoda pamakomo a a Tenthani ndi a Banda silidaiwale njira. Mu Epulo 2024 apolisi adagwira mtolankhani Macmillan Mhone ku Blantyre chifukwa cha nkhani ya ziphuphu imene idatuluka pa intaneti chaka cham'mbuyo mwake, namutengera ku likulu lawo ku Lilongwe, ndipo pakati pa milandu imene adamutsegulira padali wofalitsa nkhani yokhoza kudzetsa mantha pakati pa anthu.